Funsani za Umoyo: Kodi chotupa cha mu ubongo chingachotsedwe osang'amba mutu?

Funso: Alangizi athu, amuna anga ali ndi zaka 46. Chaka chatha anayamba kudandaula mutu pafupipafupi, kenaka tinaona kuti akumawomba felemu ya chitseko ndi phewa akamalowa m'nyumba. Tsiku lina anatsala pang'ono kugundidwa ndi kabaza chifukwa sanamuone akubwera cham'mbali, chonsecho kutsogolo amaona bwinobwino. Kuchipatala cha maso anatitumiza kokajambulitsa mutu pa makina a MRI, ndipo chithunzi chinaonetsa chotupa cha masentimita 2.5 pansi pa ubongo, pa kachiwalo kotchedwa pituitary. Madokotala akuti adzachichotsa kudzera m'mphuno. Nkhaniyi yagawa abale. Apongozi anga akuti mphuno ndi ubongo n'zosakhudzana, kotero mwina sitinamvetse zomwe adokotala ananena. Alamu anga akuti ngati mutu saung'amba ndiye kuti ndi kaopaleshoni kochepa, tisavutike n'kufuna gadiyani. Ine ndasowa mtengo wogwira. Chonde ndimasulireni. — *Mayi wa ku Zomba*

Yankho: Mayi, munamva bwino, ndipo apongozi anu mukawauze mwaulemu kuti njira imeneyi ilipodi. Kumbuyo kwa mphuno, mkati mwa fupa lomwe ubongo umatsamirapo, muli kamphako kokhala ndi mpweya komwe madokotala amakatcha sphenoid sinus. Denga la kamphakako ndi fupa lopyapyala, ndipo pamwamba pake penipeni ndi pomwe pamakhala kachiwalo ka pituitary, kamene kukula kwake ndi pafupifupi sentimita imodzi koma ndiko kamalamulira mahomoni ambiri, omwe ndi timadzi toyenda m'magazi tolamulira ntchito za m'thupi. Dokotala wolowera kumphuno amafika pa chotupacho asanaukhudze n'komwe ubongo, pamene wolowera pamwamba ayenera kutsegula chigaza ndi kunyamula ubongo pang'ono kuti aone pansi pake. Vuto la maso la bambowo likuchokera pamalo omwewo. Mitsempha iwiri yochokera kumaso imakumana ndi kupingasana pamwamba pa pituitary, ndipo chotupa chikakula n'kuyamba kuikankha kuchokera pansi, mbali imene imayamba kufooka ndi yomwe imatithandiza kuona za m'mphepete. N'chifukwa chake bambowo akutha kuwerenga koma kabaza wochokera kumbali sakumuona.

Njirayi si yachilendo. Dokotala wa ku Austria, Hermann Schloffer, anachotsa chotupa cha pituitary kudzera njira ya kumphuno mu 1907 mu mzinda wa Innsbruck. Harvey Cushing wa ku America anaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anaisiya n'kubwerera ku njira yotsegula chigaza, ndipo madokotala ambiri anamutsatira. Pa nthawiyo kunalibe zounikira zabwino, kotero dokotala ankagwira ntchito kumapeto kwa kanjira kopapatiza ndi kamdima. Wophunzira wa Cushing, Norman Dott wa ku Edinburgh, sanaisiye njirayo. Anaphunzitsa Gerard Guiot wa ku Paris, ndipo Guiot anaphunzitsa Jules Hardy wa ku Montreal, amene m'zaka za m'ma 1960 anawonjezerapo maikulosikopu. Kusintha kwina kwakukulu kunadza m'zaka za m'ma 1990 ndi kachipangizo kotchedwa endoscope, ndipo mu 1997 madokotala awiri a ku Pittsburgh, Hae-Dong Jho ndi Ricardo Carrau, anafalitsa zotsatira za odwala 50 omwe anawachita opaleshoni ndi kachipangizoka. Lero zotupa zambiri za pituitary zofunika opaleshoni zimachotsedwa kudzera m'mphuno.

M'thiyeta zimayenda chonchi. Wodwala amagonekedwa tulo tofa nato ndi mankhwala. Endoscope ndi kandodo kachitsulo konenepa pafupifupi mamilimita 4, kokhala ndi nyale ndi kamera, ndipo kakalowa m'mphuno zonse za mkati zimaoneka zazikulu pa sikirini. Nthawi zambiri madokotala amakhala awiri, wina wa mphuno ndi khosi, wina wa ubongo. Mmodzi amagwira kamera pamene mnzake akugwiritsa ntchito manja onse awiri. Amatsegula khoma la kamphako kaja, amachotsa kafupa ka padenga, kenaka amacheka nembanemba yolimba yomwe imakuta kachiwaloko. Zotupa zambiri za pituitary zimakhala zofewa ngati phala, kotero dokotala amazipala pang'onopang'ono ndi tizitsulo tokhala ndi mphete kunsonga n'kumayamwa ndi kapaipi, kuyambira pansi, kenaka m'mbali, mpaka chigawo chapamwamba chomwe chimapanikiza mitsempha ya maso chitsike chokha. Akamaliza amatseka pomwe anatsegula, nthawi zina ndi kamafuta kotengedwa pamimba kapena pantchafu ya wodwalayo. Choncho musadzadabwe mukadzaona kabala kakang'ono pamimba pa munthu yemwe wachitidwa opaleshoni ya m'mutu.

Tsopano za alamu anu. Iwo akulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake n'kumene kumandidetsa nkhawa kuposa kukayika kwa apongozi, chifukwa kungachititse banja kutayirira pa nthawi yofunika kusamala kwambiri. Chochepa pa opaleshoni imeneyi ndi polowera pokha. Ntchito ya mkati ndi yaikulu ngati opaleshoni ina iliyonse ya m'mutu. Mbali zonse ziwiri za pituitary kumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi yotchedwa carotid, yomwe imadyetsa ubongo, ndipo ngakhale kuti kuivulaza sikuchitika kawirikawiri, kukachitika moyo umakhala pachiswe. Vuto lomwe limaoneka kawirikawiri ndi kudontha kwa madzi a mu ubongo kudzera m'mphuno pamene potsekedwa paja sipanagwire bwino, ndipo madzi akapeza potulukira, tizilombo natonso timapeza polowera n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Vutoli linachepa kwambiri pa maopaleshoni akuluakulu a mtundu umenewu kuchokera mu 2006, pomwe madokotala a ku Rosario m'dziko la Argentina, pamodzi ndi anzawo a ku Pittsburgh, anafalitsa njira yotsekera bowolo ndi kachikopa ka mkati mwa mphuno kamene kamasiyidwa kali ndi mtsempha wake wa magazi kuti kamere msanga.

Palinso nkhani ya mahomoni, ndipo apa ndi pomwe gadiyani amafunika kwambiri. Kachiwalo kaja kakakhudzidwa, thupi limatha kulephera kusunga madzi kwa masiku angapo, kotero wodwala amakodza malita ambiri ndipo ludzu silimutha. Anamwino adzakupemphani kuti muziyeza ndi kulemba madzi onse omwe bambowo amwa ndiponso mkodzo womwe atulutsa. Ntchitoyi ndi yotopetsa, makamaka usiku, koma musaitenge mopepuka, pakuti manambala amenewo ndiwo amauza dokotala ngati pakufunika mankhwala otchedwa desmopressin. Patatha pafupifupi sabata, nthawi yomwe ambiri amakhala atatuluka kale m'chipatala, zimatha kutembenuka: mchere wa sodium umatsika m'magazi, munthu n'kuyamba nseru, mutu, kufooka ndi kusokonezeka. Zikatero musadikire tsiku la ulendo wobwereza. Chimodzimodzi mukaona madzi oyera mbee akudontha m'mphuno, makamaka powerama, kapena bambowo akamamva kukoma kwa mchere kukhosi, kapena thupi likatentha khosi n'kuuma. Ena amapatsidwa mapiritsi a hydrocortisone olowa m'malo mwa homoni ya cortisol, ndipo mapiritsi amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi popanda chilolezo cha dokotala. Kwa masabata angapo bambowo asamine, asanyamule katundu wolemera, asawerame nthawi yaitali, ndipo akafuna kuyetsemula atsegule pakamwa. Kulima ndi kupalasa njinga zidikire mpaka adokotala atavomereza.

Musanasainire chikalata chovomera opaleshoni, funsani ngati magazi a bambowo anayezedwa mahomoni, makamaka yotchedwa prolactin. Funsoli ndi lofunika chifukwa chotupa cha pituitary chimene chimatulutsa prolactin wochuluka nthawi zambiri chimafota ndi mapiritsi a cabergoline kapena bromocriptine, ngakhale chitakhala chachikulu, ndipo opaleshoni siyamba ndiyo. Funsaninso ngati chotupacho chalowerera m'mbali momwe muli mitsempha ya carotid, pakuti zikakhala choncho dokotala wanzeru amasiya kachigawo dala m'malo moika moyo pangozi, ndipo kotsalako kamayang'aniridwa ndi MRI kapena kuwotchedwa ndi cheza champhamvu chochokera m'makina (radiation) pambuyo pake. Chomwe ndingakulimbikitseni nacho n'chakuti odwala ambiri amayamba kuona bwino mitsempha ya maso ikamasulidwa, ena m'masiku ochepa, ena patatha miyezi. Koma mtsempha umene wapanikizidwa nthawi yaitali mpaka kufota subwereranso mwakale, kotero zokambirana za pabanja zisadye miyezi.

Funso: Ndimagwira ntchito ku South Africa ndipo amayi anga, a zaka 61, ali kumudzi. Anayamba kugwa ngati a khunyu ndipo dzanja lawo lamanzere lafooka. Sikani yaonetsa chotupa cha masentimita 5 pamwamba pa ubongo kumanja, chomwe adokotala akuti chikuoneka ngati meningioma, ndipo akufuna kutsegula chigaza. Ine pa Facebook ndimaona zipatala zakunja zikutsatsa kuti zimachotsa zotupa kudzera pa kabowo kakang'ono, ena akuti ndi laser, ena akuti ndi Gamma Knife popanda kucheka konse. Abale tagwirizana kuti ngati n'kotheka tigulitse munda kuti amayi asang'ambidwe mutu. Kodi tikuganiza bwino? — *Mwana wodera nkhawa, Johannesburg*

Yankho: Achimwene, mtima wanu ndi wabwino, koma mundawo muuleke kaye. Njira zonse zomwe mwatchulazi zilipo ndipo zimathandiza anthu, kungoti iliyonse inapangidwira chotupa cha mtundu wake, kukula kwake ndi malo ake, ndipo otsatsa malonda mbali imeneyi saikonda kuitchula.

Opaleshoni ya kabowo inatchuka chifukwa cha ntchito ya Axel Perneczky wa ku Mainz m'dziko la Germany. Iye anaphunzitsa kuti chinthu chikakhala patali mkati, bowo laling'ono loikidwa pamalo oyenera limakwanira kuchiona chonse, chifukwa malo omwe diso limaona amanka natambasuka pamene ukuyang'ana mozama. Chitsanzo chodziwika ndi chocheka mkati mwa nsidze: dokotala amachotsa kafupa ka masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa diso, amatulutsako madzi a mu ubongo kuti ubongo uphwe pang'ono, kenaka amadutsa pansi pake kukafika pa zotupa za kutsogolo kwa tsinde la chigaza. Chipsera chimabisika m'nsidze, ngakhale kuti ena amakhala ndi dzanzi pachipumi kwa kanthawi. Pa zotupa zobisika mkatikati mwa ubongo pali kapaipi konenepa sentimita imodzi kapena iwiri, kamene kamalowetsedwa mokankhira minyewa pambali m'malo moidula, ndipo kompyuta yomwe yasunga zithunzi za MRI imamuonetsa dokotala pomwe nsonga ya chipangizo chake yafika.

Mukaganizira mfundo ya Perneczky ija muona chifukwa chake siikugwirizana ndi chotupa cha amayi. Meningioma imamera pa nembanemba yolimba yokuta ubongo, yotchedwa dura, ndipo ya amayiyi ili pamwamba, pansi penipeni pa fupa. Chinthu chokhala pafupi ndi bowo sichioneka chonse. Umangoona chigawo chomwe chayang'anizana ndi bowolo. Kuti dokotala azungulire chotupa cha masentimita 5, atseke mitsempha yomwe imachidyetsa magazi, achisiyanitse mosamala ndi mbali ya ubongo yoyendetsa dzanja, komanso achotse nembanemba yomwe chinamerapo, ayenera kutsegula malo okwanira chotupa chonsecho. Kuchotsa nembanembayo si nkhani yaing'ono. Dokotala wa ku Australia, Donald Simpson, anaonetsa mu 1957 kuti meningioma imabwerera kawirikawiri pamene pomera pake pasiyidwa kuposa pamene pachotsedwa limodzi ndi chotupacho, ndipo madokotala amagwiritsabe ntchito muyeso wake mpaka lero. Ndiponso pa chotupa chapamwamba chotere, kutsegula chigaza sikutanthauza kudutsa mu ubongo. Fupa limachotsedwa mozungulira, ntchito ikatha limabwezedwa n'kumangidwa, ndipo tsitsi likamera chipsera chimabisika. Ambiri a ma meningioma, pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse, ndi a gulu lokula pang'onopang'ono lomwe si khansa, ndipo akachotsedwa onse munthu amatha kuchira kotheratu.

Gamma Knife, ngakhale dzina lake likutchula mpeni, si opaleshoni yocheka. Anaiyambitsa ndi Lars Leksell wa ku Sweden, ndipo makina oyamba anayamba kugwira ntchito ku Stockholm mu 1968. Makinawa amalunjika timizere ta cheza pafupifupi 200 kuchokera mbali zosiyanasiyana kuti tikakumane pamalo amodzi; kamzere kalikonse pakokha n'kofooka, koma pokumanirapo mphamvu imakhala yaikulu. Amagwira bwino pa zotupa zosapitirira masentimita atatu kapena chapomwepo. Chotupa sichichoka tsiku lomwelo: chimasiya kukula, ndipo mwina chimafota m'miyezi kapena zaka. Kwa amayi, omwe dzanja lafooka kale chifukwa ubongo wapanikizika, njira yosiya chotupa pamalo pake siithetsa vutolo, ndipo kutupa komwe kumatsatira cheza kungaliwonjezere. Laser nayo ili ndi malire ofanana. Kawaya kopyapyala kamalowetsedwa pa kabowo ka mamilimita ochepa, wodwala amaikidwa mu MRI, ndipo dokotala amatenthetsa chotupa uku akuonerera kutentha kwake pa sikirini. Njirayi imathandiza pa tizotupa tating'ono tozama tomwe mpeni sungatifike bwino, koma nyama yowotchedwayo imatsala momwemo.

Ndikanakhala inu, ndalama zomwe muli nazo ndikanazisunga kuti zithandize pa mayendedwe, pa mankhwala oletsa kugwa omwe amayi ayenera kumwa mosadumphitsa, pa chakudya cha gadiyani, pa mafizo a dzanja pambuyo pa opaleshoni, ndi pa sikani zobwereza zomwe zidzafunika kwa zaka zingapo. Ngati mtima sukukhazikika, kufunsa maganizo a dokotala wachiwiri ndi ufulu wanu, ndipo dokotala wabwino sakhumudwa nazo. Madokotala a opaleshoni ya ubongo alipo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre komanso ku Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery pa Kamuzu Central Hospital. Mutenge zithunzi zenizenizo za sikani, osati lipoti lolembedwa lokha. Aliyense amene mungakambe naye, kuno kapena kunja, mumufunse kuti akuyembekeza kuchotsa chotupa chochuluka bwanji, kuti dzanja lili pachiopsezo chotani, kuti kanyama kochotsedwako kadzapimidwa kuti, ndiponso kuti adzawaona ndani amayi zinthu zikavuta patatha mwezi. Chipatala chomwe chikulonjeza njira ndi mtengo wake chisanaone zithunzi n'choyenera kuchikayikira.

Funso: Mchimwene wanga ali ndi HIV ndipo anasiya kumwa ma ARV kwa nthawi yaitali. Anayamba kusokonezeka ndi kukoka mwendo, ndipo sikani yaonetsa zotupa ziwiri mu ubongo. Tinkayembekezera opaleshoni, koma angomupatsa mapiritsi n'kunena kuti adzamuonanso pakatha masabata awiri. Kodi sakumunyalanyaza? — *Mlongo wake, Kasungu*

Yankho: Achemwali, malinga ndi zomwe mwafotokozazi, madokotalawo akutsata ndondomeko yodziwika bwino. Si chilichonse chooneka ngati chotupa pa sikani chomwe chimafuna mpeni. Kwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, makamaka CD4 ikafika pansi pa 100, chomwe chimayambitsa zotupa zingapo mu ubongo kawirikawiri ndi kachilombo kotchedwa toxoplasma, kamene ambiri tili nako m'thupi koma kamadzuka chitetezo chikagwa. Mankhwala ake ndi mapiritsi, ndipo amodzi mwa iwo ndi bakitilimu yemweyu woperekedwa pa mlingo waukulu. Ngati vuto ndi limeneli, wodwala amayamba kusintha mkati mwa masabata awiri, ndipo kusinthako ndiko kumatsimikizira madokotala kuti anaganiza molondola. TB nayo imatha kupanga chotupa mu ubongo chomwe chimachizidwa ndi mankhwala a TB kwa miyezi yambiri, chimodzimodzinso mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, zomwe zili ndi mankhwala akeake.

Opaleshoni ya kabowo imalowa pamene masabatawo atha popanda kusintha, chifukwa pamenepo madokotala amayamba kuganizira khansa yotchedwa lymphoma kapena matenda ena. Ngakhale apo cholinga sichikhala kuchotsa chotupa chonse, koma kutengako kanyama kokapima: amaboola kabowo kakang'ono pachigaza, amalowetsa singano yaitali molondoleredwa ndi zithunzi za sikani, n'kutenga tizidutswa tochepa. Lymphoma ya mu ubongo imachizidwa makamaka ndi mankhwala a khansa, kotero kudziwa dzina la matenda ndiko kofunika kuposa kuchotsa.

Pakali pano onetsetsani kuti mchimwene wanuyo akumwa mapiritsi onse pa nthawi yake, akumwa madzi okwanira, ndipo nkhani yoyambiranso ma ARV ikhale m'manja mwa madokotala, pakuti nthawi yoyambira imadalira matenda omwe apezeka mu ubongo. Akayamba kugona kwambiri mosadzutsika, kusanza mobwerezabwereza, kugwa ngati wa khunyu, kapena akatuluka zidzolo ndi zilonda m'kamwa ndi m'maso chifukwa cha mankhwala, mubwerere naye kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti masabata awiriwo akwane.